Mphuno Yanga ndi Kambale ka Kudenga

9 Malichi

Mayi a ana anga,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji inu ndi onse a pakhomo? Kodi bondo lija lakusiyani? Ine kuno ndili bwino. Msana umadandaula m'mawa, koma ukaona ntchito umakhala chete.

Amene akundilembera ndi a Mlonda a pa geti, munthu wolankhula chilankhulo chathu. Ine ndikunena, iwo akulemba, ndipo alonjeza kuti sathira mchere wawo. Iwe mzime wathu amene ukuwerengera amayi ako, uziwerenga pang'onopang'ono, usamadumphe mizere ngati ukuwoloka mtsinje pa miyala.

Munafunsa kuti kodi nkhalamba ngati ine ku hotela amaisungira chiyani. Ndikuuzeni bwinobwino. Kuno mlendo saloledwa kusuta m'chipinda. Akasuta amalipira chindapusa, chifukwa utsi umalowa m'makatani ndi m'matiresi, ndipo wobwera pambuyo amakana kugonamo. Koma wosuta ndi wochenjera. Amatsegula zenera, phulusa amataya m'chimbudzi, kenako amapopera perefyumu. Okonza zipinda amalowa, osamva kanthu. Pamenepo amaitana ine. Zaka zija ndinathera m'zigafa za fodya sizinapite pachabe. Ndimalowa, n'kutseka chitseko, n'kuima kaye. Kenako ndimanunkhiza katani, pilo, ndi kuseri kwa chitseko cha bafa. Ndikati muno asuta, a Manijala safunsa kawiri. Ndikati ayi, ndi ayi. Dzina langa lenileni kuno anaiwala, onse amangoti Amphuno. Ntchito ina ndi kukankha ngolo ya matawulo, koma imeneyo aliyense wa miyendo angaichite. Chondisungira ndi mphunoyi.

Pepala langa la ntchito likutha mwezi wa Juni. Akandilembera lina, ndiye chaka chimodzi chomwe chatsala chija kuti nyumba tikumanga kumudziko ithe. Pa msinkhu wangawu palibe kwina angandilandire, izi mukuzidziwa. Koma musade nkhawa. A Manijala ndi mayi wa mawu ochepa, ndipo sanandiyang'anepo ndi diso loipa.

Sabata yatha a Magetsi, mmisiri wathu wa mawaya, amamanga timbale toyera kudenga m'chipinda chilichonse. Akuti takale tinatopa. Kambale kameneka kakamva utsi kamalira kuti nyumba yonse ithawe moto. Okonza zipinda akapatsa dzina loti kazitape. Mmodzi anati, "Amphuno, mwana wanu uyo kudenga, wabadwa wopanda miyendo." Ine ndinati, "Musiyeni akule kaye."

Mbuzi ya mawanga ija musagulitse, ili ndi bere. Auzeni alamu akonze khola lisanagwe. Malata amene ali kuseri kwa nyumba musabwereke munthu, ngakhale abwere ndi misozi.

Ndine mwamuna wanu.


30 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni nonse. Kalata yanu yafika, ndipo ndakondwa kumva kuti bondo layamba kupindika. Muzilithowabe ndi madzi ofunda. Ine ndikudya, ndikugona.

Lero ndili ndi nkhani yoti museke. Lachiwiri masana, dzuwa lili pamutu, kazitape uja analira. Amayi, kulira kotere sindinakumvepo. Kumalowa khutu ili n'kukatulukira m'mano. Anthu anatsika masitepe ngati mbuzi zowatsegulira khola. Bambo wina anatuluka thovu lili kumutu, atangodzikulunga thaulo. Ophika anatuluka zipande zili m'manja. Mayi wina anasiya chikwama n'kunyamula pilo, mpaka lero sakudziwa chifukwa chake. Galimoto yofiira ya ozimitsa moto inabwera. Anakwera, anafufuza, moto osaupeza.

Pa bolodi la ku ofesi panayaka nambala 12. M'chipinda chimenecho mumagona bambo wina wa tayi, amene kampani yake yamutuma kuno miyezi itatu. Ndi munthu waulemu. Tikakumana m'njira amati, "Madala, mwadzuka?" Atamufunsa anati, "Ine ndudu ndinasiya chaka chatha, adokotala anandiletsa. Fufuzani paliponse."

A Manijala anati, "Itanani Amphuno."

Ndinalowa, anthu ali pakhomo kundiyang'ana. Ndinachita monga mwa masiku onse. Katani, pilo, bulangete, bafa, mpaka m'dengu la zinyalala. Fodya munalibe. Fodya wopsa amasiya kuwawa kwina kumene kumakanda kukhosi, ndipo ngakhale papite masiku atatu ine ndimakumva. M'menemo munali kafungo kotsekemera chabe, ngati maswiti a mango. Ndinati m'mtima, anthu a tayi ali ndi maperefyumu awo.

Ndinati, "Mayi, muno simunapse fodya."

A Magetsi anati, "Akuluakulu, nunkhizaninso. Kambale kameneka ndinakayesa ndi manja anga."

Pamenepo ndinadzitukumula pang'ono, ndisabise. Ndinati, "Mukapeza kuti muno anasuta, mphunoyi muidule mukaponyere agalu."

Anthu anaseka. A Manijala anapepesa mlendo uja, n'kuuza a Magetsi kuti achotse kambale kawo kabodzako aike kena. A Magetsi anakwera makwerero n'kukachotsa. Mawa lake bambo wa tayi anandiimitsa pa masitepe n'kundipatsa jekete, lokhuthala bwino, akuti lamuthina. Anati, "Madala, mwandichotsa manyazi." Ndikulivala tsopano lino, ndipo a Mlonda akuti ndikuoneka ngati mwini hotela.

Ndatumiza kangachepe kudzera mwa dalaivala wathu wa nthawi zonse uja. Mugule mankhwala a bondo musanagule china chilichonse. Za mmisiri wa denga, mukhoza kuyamba kumufunsa ngati ali ndi mpata mwezi wa Juni.

Ndine mwamuna wanu.


20 Epulo

Mayi a ana anga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ndamva kuti mbuzi yaswa awiri, tiyamike. Ine thupi lili bwino.

Ndachedwa kulemba chifukwa ntchito inachuluka. Kapena ndinene kuti mawu ndi amene anachepa.

Kazitape analiranso. Katsopano kaja, chipinda chomwe chija. Unali m'mawa alendo akumwa tiyi. Ulendo uno palibe anaseka. Gogo wina anapunthwa pa masitepe n'kusupuka chigongono. Mkulu wa ozimitsa moto anauza a Manijala pamaso pa tonse kuti iwo sangamasiye moto weniweni kuthamangira masewera, ndipo kukachitikanso hotela idzalipira zowawa.

Anandiitananso. Ndinakhalamo nthawi yaitali, mpaka ndinagwada kununkhiza kapeti. Fodya munalibe, amayi. Mango omwe aja basi. Ndikanati muli fodya ndikananama, ndiye ndinanena zomwe ndinanena poyamba. Koma sindinatchulenso za agalu.

A Manijala anandiitanira ku ofesi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Amphuno, zaka zanu ndi zingati?" Ndinawauza. Anati, "Timbale tiwiri tatsopano sitinganame tonse. Mwina mphuno yatopa, mwina pali china. Kakaliranso inu mutanena kuti mulibe kanthu, tidzakhala pansi tikambirane za Juni."

Mawu akuti china aja ndinawamvetsa nditafika kochapira. Nditalowa, onse maso anali pa jekete. Wina anati chapansipansi, "Jekete limatseka mphuno." Akuluakulu ananena kuti tsoka silinunkha. Ine ndinalilandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Jeketelo ndalipinda. Kuno sikunazizire kwenikweni.

Mmisiri wa denga musamulonjeze tsiku kaye. Palibe choopsa, kungoti tisathamange. Iwe mzime, amayi ako akafunsa zambiri, uwauze kuti kalata yathera pomwepa.

Ndine mwamuna wanu.


6 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi adzukulu. Mwati mawu anga m'kalata yapita anali ngati a munthu wodwala. Ayi, sindikudwala. A Mlonda ndi mboni, akuti ndinene kuti dzulo ndinamaliza mbale yanga n'kuthandizanso yawo.

Kuno kuli bata. Kazitape wa nambala 12 watha masabata awiri ali duu. A Magetsi akuti mwina linali fumbi. Okonza zipinda akuti mwina mlendo wasintha perefyumu. Kazitapeyo akangokhala chete chonchi mpaka Juni, nkhaniyi idzaiwalika yokha.

Masiku ano sakundiitana kukanunkhiza. Ndikukankha ngolo, ndikupachika makatani ochapa. Lachisanu ndinadutsa pa chipinda china, fodya akuchita kutuluka pansi pa chitseko. Ndinaima, ndinayang'ana uku ndi uku, kenako ndinapitiriza ndi ngolo yanga. Munthu amene sanafunsidwe akayankha amaoneka ngati akudzigulitsa.

Koma mtima sunagwe. Zaka zonsezi a Manijala sanandipezepo ndi bodza, ndipo zimenezo siziuma ndi dzuwa limodzi.

Ana a mbuzi aja muziwatsekera padera m'mawa mame asanaume. Mdzukulu wamkulu mumuuze kuti ndamva za mayeso ake, agogo ake kuno ayenda chifuwa patsogolo tsiku lonse.

Ndine mwamuna wanu.


19 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni. Ndili moyo, ndili bwino. Kalata ino a Mlonda akundilembera kuchipinda kwanga kumene ndimagona, chifukwa lero ndi tsiku lachitatu ndisanapite ku ntchito. Musadzidzimuke. Mverani kaye mpaka kumapeto.

Lolemba masana anandituma kukapachika makatani mu nambala 12, mwini chipinda ali ku ntchito. Ndinakwera pampando. Nditamaliza ndinawongola msana, mutu n'kugwera kumbuyo, ndipo maso anafika kudenga. Zaka zonsezi ine ntchito yanga ndimaigwira chowerama, kumwamba sindiyang'anako. Tsono ndikuona kazitape wavala chipewa. Kachipewa ka pulasitiki kaja timaika m'bafa kuti azimayi asanyowetse tsitsi. Wina anakamuveka, n'kumanga ndi labala kuti mpweya usalowe.

Bata la masabata onse aja linali limeneli.

Ndinaima pampandopo nthawi ndithu. Ndisakunamizeni, maganizo awiri anabwera. Oyamba anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Siya chipewacho, kazitape agone mpaka Juni, pepala lituluke. Ena anati, pansi pa chipinda chino ndi kochapira, kumene makina oumitsa nsalu amatentha tsiku lonse. Pamwamba pake pagona mayi wa ana amapasa. Moto ukabwera, adzawadzutse ndani?

Ndinatsika, ndinakokera mpando m'mbali mwa bedi, ndinakweranso n'kumasula labala. Pomwepo chitseko chinatseguka, bambo wa tayi uja, wabwerera kudzatenga mapepala.

"Madala, mukutani pampando?"

"Ndikumuvula chipewa mwanayu, bambo. Kwatentha."

Sanaseke. Anati, "Bwezerani. Kameneko n'kowonongeka, kamalira popanda chifukwa. Ine ndatopa kuchititsidwa manyazi. Si inu nomwe munalumbira kuti muno mulibe utsi?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Lumbiro langa ndi limene analitsamira.

Ndinati, "Ndinalumbira za fodya. Koma ndiuzeni, bambo, mango a m'chipinda chino amachokera mu mtengo uti?"

Apo anaseka. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kanthu konga cholembera chonenepa. Anakaika pakamwa, anakoka, n'kutulutsa mtambo woyera ngati wa ketulo yowira. Amayi, mango aja ndi amenewo! Ndinatsika pampando mwa changu chimene sindinadziwe kuti ndikadali nacho. Ndinatsegula zenera, ndinagwira thaulo, n'kuyamba kukupiza ngati ndikuthamangitsa njuchi, diso lili kudenga. Mwayi wake sikanalire.

Iye anati, "Mwaona? Palibe moto, palibe phulusa. Ndi nthunzi chabe. Kali ndi batire ngati foni. Kameneka ndi kamene kanandisiyitsa ndudu, madala. Popanda iko bwenzi ndikutsokomola magazi." Kenako anatsitsa mawu. "Kwatsala masabata atatu ndizipita. Bwezerani chipewacho, inu mupume, ine ndipume."

Ndinati, "Bambo, mwandichitira ulemu masiku onse. Koma chipewachi chikupita ku ofesi, ndipo ndakuuzani ndisanapite kuti musati ndinakudyani miseche."

Ndinachiika pa tebulo la a Manijala. Ndinati, "Mayi, ndinalumbira mopitirira nzeru zanga. Fodya wa moto ndimamudziwa. Wa batire sindimamudziwa. Fungo ndinalimva kawiri konse, koma ndinaliyesa perefyumu."

Anayang'ana chipewa, anayang'ana ine. Anati, "Kawiri ndapepesa mlendo. Ndanyoza a Magetsi pagulu. Zonsezo chifukwa cha mawu anu."

"Inde, mayi."

"Ndipo mlendoyo akakana, n'kunena kuti nthunzi siliza kambale, ine ndimve ziti? Pitani mukapume kaye. Tikuitanani."

Ndiye ndikupuma. Ndachapa zovala zonse, ndasoka thumba la thalauza. Jekete ndalitumiza kwa mwini wake kudzera mwa a Mlonda, ndi mawu othokoza. Mwina mundiona msanga kusiyana ndi mmene tinapanganira. Zikatero musandilandire ngati wochokera ku maliro. Tulo ndikugona tabwino kuposa masabata atatu apitawo.

Ndine mwamuna wanu.


2 Juni

Mayi a ana anga,

Moni nonse, ndi alamu omwe. Kalata yanu ndaimva. Mwati ndibwere, nyumba yosatha simaluma. Mawu amenewo a Mlonda ndawauza awerenge kawiri. Koma khalani pansi, ndikuuzeni mmene zathera.

Anandiitana Lachinayi lapitalo. Bambo wa tayi anakana chindapusa. Anati chipewa anavekadi, walakwa, koma kusuta sanasute, ndipo nthunzi yake singalize kanthu. Anati, "Tiyeni tiyese, ndikuonetseni." Anapempha yekha, amayi. Anali wotsimikiza ndi mtima wonse.

Tinalowa m'chipinda chopanda mlendo, anthu anayi: a Manijala, a Magetsi, bamboyo ndi ine. A Magetsi anadula kaye waya wopita ku belu lalikulu kuti kambale kalire kokha, anthu asatulukenso ndi thovu. Kenako anatembenukira kwa ine. Kuyambira tsiku la agalu lija anali asanandilankhule.

Anati, "Akuluakulu, inu mumayesa kameneka kali ndi mphuno ngati yanu. Kalibe. Kali ndi diso. M'katimu muli kauniko kakang'ono. Chilichonse choyandama chikalowa n'kudutsa pa kaunikoko, kamalira. Kaya ndi utsi, kaya nthunzi ya m'bafa ikachuluka, kaya fumbi. Sikafunsa kuti wachokera ku moto kapena ku batire. Ta kukhitchini tokha ndi timene timadikira kutentha."

Bamboyo anaima pafupi ndi chitseko, anakoka kamodzi, anatulutsa kamtambo. Tinayang'ana kudenga. Zii. Anakokanso. Zii. Anatambasula manja n'kunena kuti, "Mwaona?" A Manijala anayamba kutseka buku lawo.

Koma ndinakumbukira kumene fungo lija linkachuluka ndikamanunkhiza. Silinali pa chitseko. Linali pa pilo ndi pa thabwa la kumutu kwa bedi. Ndipo bedi m'zipinda zonsezi lili pansi penipeni pa kambale.

Ndinati, "Pepani mayi, ndilankhuleko. Bambo, mukakhala nokha simusutira pa chitseko ngati mlendo wofunsa njira. Mumatseka zenera, mumatsamira pabedi, miyendo n'kutambasula. Chitani mmene mumachitira, mokoma mwake muja."

Anandiyang'ana. Anati, "Madala, kodi mumandisuzumira?"

"Ayi bambo, pilo ndi amene anandiuza."

Anavula nsapato, anatsamira. Anakoka kwautali, n'kupumira m'mwamba. Kachiwiri. Kachitatu. Mtambo unakwera pang'onopang'ono n'kuyala kudenga ngati nkhungu. Pa kambale panaphethira kamoto kofiira. Kenako, amayi, kanakuwa! Bamboyo anadumpha pabedi, kafodya kake n'kugwera pansi pa tebulo. A Magetsi anakasiya kalire nthawi yaitali kuposa mmene kanafunikira, manja atapinda pachifuwa. Ine sindinawaletse, unali ufulu wawo.

Katakhala chete, bamboyo anakhala m'mphepete mwa bedi, masokosi okhaokha, akupukusa mutu. Anati, "Ine ndimayesa ndi madzi chabe." Anapepesa a Manijala, anapepesa a Magetsi. Kwa ine anati, "Madala, ndikanakudyetsani ntchito." Chindapusa analipira osatsutsa. Tsopano akafuna mango ake amatsikira kubwalo, pa benchi ya osuta. Nanenso ndinapepesa a Magetsi pamaso pa onse. Anati, "Mphunoyo isungeni, agalu akhuta."

Sizinathere pomwepo. A Manijala anati tiyende zipinda zonse, a Magetsi ndi makwerero, ine patsogolo. Tsopano mphuno inali itadziwa chofuna. Ndikamva zipatso m'chipinda chopanda zipatso, ndimati, "Kwerani apa." Tinapeza akazitape ena anayi atatsekedwa. Awiri zipewa, mmodzi tepi, wina anamuveka sokosi lakuda, losachapa n'komwe. Zipinda zinayi, amayi, anthu akugona pansi pa mlonda womangidwa kumaso, ife osadziwa.

Tinaunjika zonsezo pa tebulo la ku ofesi. Mayi uja anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Amphuno, munalakwa, ndipo munabwera nokha kudzanena pamene mukanatha kukhala chete. Kambale aka kali ndi diso labwino, koma akakaveka chipewa sikangadzivule kokha. Pafunika munthu." Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala. Chaka china chathunthu. Anawonjezera kuti Lachitatu lililonse ndiziphunzitsa okonza zipinda mafungo atsopanowa, ndi kuti aliyense akalowa m'chipinda aziyamba wayang'ana kumwamba. Uja ananena za jekete anabwera yekha kudzandikankhira ngolo.

Tsono musandiyembekezere mwezi uno. Mmisiri mumuuze tsiku.

Pepalalo ndinadinda ndi chala chachikulu, monga mwa kale. Lero patha pafupifupi sabata, inki ikuonekabe m'mbali mwa chikhadabo. Posamba m'manja chala chimenecho ndikumachilambalala.

Ndine mwamuna wanu.